MSIKA WA NYUMBA PA INTANETI: WOONA SALIPIRA, NANGA PHINDU LICOKERA KUTI?

Munthu wolowa mumsika kukafunsa mtengo wa nyemba kapena kapenta salipira kanthu pacipata. Amene alipira ndi wogulitsa, pakuti khonsolo imlipiritsa msonkho wa malo amene wayalapo malonda ace. Wogulitsa aliyense adziwanso kuti malo abwino ndi paja papita anthu ambiri. Nzeru yomweyi ndiyo yalemeretsa makampani amene aonetsa nyumba zogulitsa ndi za lendi pa intaneti. Nkhani yao iyenera kudziwika ngakhale kumidzi, cifukwa malonda otere afika kale m'malamya a m'manja a ana a dziko lino.

Citsanzo comveka bwino ciri ku Britain. Kale, maejenti a nyumba, ndiwo amkhalapakati amene apezera mwini nyumba womgula, anali kulipira manyuzipepala kuti alengeze malonda ao. M'caka ca 2000, makampani anai akulu-akulu a nchito imeneyi anagwirizana natsegula tsamba la pa intaneti lochedwa Rightmove. Pa tsambali munthu aona zithunzi za nyumba, mtengo wace, kuculuka kwa zipinda ndi dera limene nyumbayo iri, osalipira ngakhale ngwee imodzi. Pofika 2006 kampaniyi inali itakula kotero kuti masheya ace anayamba kugulitsidwa pa msika wa masheya wa ku London.

Olipira ndi maejenti pamodzi ndi makampani omanga nyumba zatsopano, ndipo alipira mwezi ndi mwezi. M'caka ca 2023 olipirawa anali pafupi-fupi 19,000, ndipo tikagawa mofanana, aliyense anapereka mapaundi 1,431 pa mwezi. Caka cimeneco Rightmove inalandira mapaundi mamiliyoni 364. Pa mapaundi 100 alionse, pafupi-fupi 70 anatsala monga phindu msonkho wa Boma usanacotsedwe. Kampaniyi simanga nyumba ndipo sigula njerwa kapena malata. Cimene igulitsa ndi maso a anthu ofuna nyumba.

Koma ciwerengero ca maejenti m'dziko sicikula caka ndi caka. Cifukwa cace makampani otere akhala akufuna njira zatsopano zopezera ndalama kucokera kwa anthu omwewo.

Njira yoyamba ndiyo kugulitsa malo a patsogolo. Munthu wofufuza nyumba m'tauni yaikulu apeza mazana-mazana, ndipo ambiri atopa asanafike kumapeto. Motero ejenti wofuna kuti nyumba yace ioneke pamwamba, ndi cithunzi cacikulu ndiponso dzina la kampani yace, aonjezera ndalama. Ku Australia njira imeneyi inazika mizu kwambiri, ndipo kumeneko mwini nyumba ndiye amene kawiri-kawiri alipira cidziwitsoco. Tsamba lalikulu la dzikolo liri m'manja mwa REA Group, kampani imene masheya ace ambiri ndi a News Corp, eni manyuzipepala. Ndalama zimene zinathawa m'nyuzipepala zinabwerera kwa eni ace podzera khomo lina.

Njira yaciwiri ndiyo kugulitsa wofunsa mwini. Ku America kuli tsamba lochedwa Zillow, limene linatsegulidwa mu 2006 mu mzinda wa Seattle. Kumeneko ejenti alipira kuti azilandira mafunso a anthu ofuna nyumba m'dera lakuti-lakuti. Munthu akakonda nyumba nalemba dzina ndi nambala yace ya lamya, uthenga wace ungapite kwa ejenti amene analipira, ngakhale kuti si iye anapatsidwa nyumbayo kuti aigulitse. M'madera ena ejenti salipira poyamba, koma malonda akatheka apereka gawo la malipiro ace kwa Zillow.

Njira yacitatu ndiyo kuitana amalonda ena. Wogula nyumba afuna nkhongole ya ku banki, inshuwalansi, ndi galimoto yosamutsa katundu. Tsamba lidziwa kale dera limene munthuyo afuna ndi mtengo umene angakwanitse, ndipo cidziwitso cotere n'ca mtengo wapatali kwa mabanki. Rightmove inagwirizana ndi Nationwide, bungwe lalikulu lokongoza ndalama za nyumba ku Britain, kuti munthu adziwire pa tsamba pomwepo kukula kwa nkhongole imene angapatsidwe. Mu 2019 inagulanso kampani yofufuza mbiri ya anthu ofuna nyumba za lendi. REA Group nayonso inagula Mortgage Choice mu 2021, kampani yopezera anthu nkhongole za nyumba.

Kuti phindu liri m'kulengeza malonda osati m'nyumba zeni-zenizo, cinaoneka poyera mu November 2021. Zillow inali itayamba kugula nyumba yokha kuti izizigulitsanso, koma inalephera kudziwiratu mitengo, nitaya ndalama zambiri. Inasiya malonda amenewo ndi kucotsa nchito munthu mmodzi mwa anchito anai alionse.

Maejenti sanakhale cete. Ambiri ku Britain adandaula kuti malipiro akwera caka ndi caka, koma sangathe kucoka pakuti ogula onse ali komweko. Mu 2015 ena a iwo anatsegula tsamba lao-lao lochedwa OnTheMarket kuti apikisane ndi Rightmove, koma silinafike pa msinkhu wace, ndipo mu 2023 linagulidwa ndi CoStar, kampani ya ku America. Mu 2020, pamene mliri wa korona unaimitsa malonda a nyumba, maejenti anakwiya kwambiri, ndipo Rightmove inatsitsa malipiro ndi magawo 75 pa 100 kwa miyezi inai. Ngakhale zinali tero, mu September 2024 REA Group inafuna kugula Rightmove pa mtengo woposa mapaundi mabiliyoni 6, koma akulu a kampaniyo anakana nati mtengowo wacepa.

Muno m'Zambia malonda a nyumba ndi mapuloti alengezedwa kwambiri pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Facebook nayo ipeza cuma cace m'njira yomweyo: wolipira ndiye amene cidziwitso cace cifika kwa anthu ambiri. Mnyamata wocokera ku Katete kapena ku Lundazi wofuna cipinda ca lendi ku Chawama kapena ku Matero ayamba wayang'ana m'lamya. Mlimi amene wagulitsa cimanga kapena soya, nafuna puloti ku Chipata kapena ku Petauke, aonetsedwa zithunzi ndi mwana wace. Anthu otere afunika kusunga zinthu zitatu mumtima.

Coyamba, nyumba yooneka pamwamba sikuti ndiyo yabwino koposa kapena yochipa. Kawiri-kawiri yakwera cifukwa wina walipira. Akulu anati cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Cithunzi sicionetsa denga lodontha kapena madzi odzaza m'bwalo nthawi ya dzinja. Munthu asatumize ndalama pa lamya asanaone malowo ndi maso ace ndi kukumana ndi mwini wace.

Caciwiri, cidziwitso ca pa intaneti si cikalata ca umwini. Lamulo la za malo la 1995 linena kuti malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa Mtsogoleri wa Dziko m'malo mwa anthu onse. Malo a Boma aperekedwa pa pangano losapitirira zaka 99, ndipo dzina la mwini taitolo lingafufuzidwe ku Unduna woona za malo. Malo a makolo sangasanduke a taitolo popanda cilolezo ca mfumu ndi ca khonsolo. Wogula puloti m'dera la mfumu ayenera kuyamba wafunsa kwa nyakwawa ndi kwa mfumu, pakuti safunsa anadya phula. Kulinso lamulo la 2000 limene lifuna kuti ocita nchito ya uejenti wa nyumba akhale olembetsedwa, motero wogula ali ndi ufulu wopempha kuona cikalata ca ejentiyo.

Cacitatu, dzina ndi nambala ya lamya ndi katundu amene ena apanga naye ndalama. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu, ndipo asanalembe nambala yace, munthu angafunse kumene ipita.

Masamba a pa intaneti athandiza ndithu. Apulumutsa ndalama za basi, ndipo munthu wa kumudzi angayerekeze mitengo ya m'tauni ali pakhonde pace. Cofunika ndi kukumbukira kuti msika umenewu uli ndi mwini, ndipo mwiniyo adya kwa wogulitsa, kwa banki ndi kwa wa inshuwalansi. Ndalama zonsezo, zikazungulira-zungulira, zituluka m'thumba la wogula kapena la wokhala pa lendi.