Chifuwa Chosamva Mankhwala: Khansa ya m'Mapapo

Anthu a m'boma la Karonga amaidziŵa bwino nthenda ya chifuwa chachikulu, pakuti akatswiri a ku Chilumba, amene anayamba kufufuza za khate m'chaka cha 1979, akhala akufufuzanso za nthendayi m'midzi yambiri. Koma si chifuwa chilichonse chokhalitsa chimene chili TB. Khansa ya m'mapapo nayonso imadza ndi kutsokomola, makhololo a magazi, phuma ndi kuwonda, ndipo gwero lake lalikulu ndi kusuta fodya.

Wodwala TB amayamba ndi mankhwala a mitundu 4 pamodzi kuti tizilombo tisazoloŵere mtundu umodzi. Nzeru yomweyi ikugwiritsidwa ntchito pa khansa imene yafalikira m'thupi.

M'chaka cha 2004 madokotala a ku America anapeza kuti zotupa zina za m'mapapo zimakula chifukwa cha chilema pamalo otchedwa EGFR. Alipo mankhwala, monga erlotinib ndi osimertinib, amene amalasa malo ameneŵa, ndipo chotupa chimafota. Tsoka lake n'lakuti pakapita nthaŵi chotupacho chimapeza njira ina yokulira. Motero madokotala anayamba kuphatikiza mankhwala aŵiri kuti atseke njira ziŵiri nthaŵi imodzi, paja chala chimodzi sichiswa nsabwe. M'chaka cha 2024 dziko la America linavomereza kuphatikiza amivantamab ndi lazertinib. Poyesa, mankhwala aŵiriŵa anaimitsa nthenda kwa miyezi pafupifupi 24, pamene osimertinib payekha anaimitsa kwa miyezi pafupifupi 17.

Komabe mankhwalaŵa sathetseratu khansa imene yafalikira. Amangotalikitsa moyo ndi kuchepetsa zoŵaŵa. Amathandiza munthu yekhayo amene kachidutswa ka chotupa chake kapimidwa ndi kupezeka ndi chilemacho. Akaphatikizidwa, zovuta zake zimachulukanso, monga zidzolo ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha. Ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo sapezeka m'zipatala zazing'ono za kumidzi.

Choncho munthu amene watsokomola kwa milungu 2 ayenera kukapimitsa makhololo. Ngati TB sinapezeke, kapena ngati wamwa mankhwala ake mokhulupirika koma chifuwa sichikutha, abwerere msanga kuchipatala. Chipatala cha Karonga chimatumiza odwala ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ndipo ofunika chithandizo cha khansa amatha kufikitsidwa ku Lilongwe. Khansa yopezeka isanafalikire ingathe kuchotsedwa ndi opaleshoni. Wosuta fodya asadikire chifuwa, aleke lero.