Makaniko wokana maphunziro amadzitsekera yekha khomo

Mayi wina wachitsikana adandidandaulira kuti mwamuna wake, yemwe ndi makaniko pagalaja ina ku Limbe, wakana maphunziro omwe abwana ake adamukonzera. Akuti kulibe alawansi, komanso wagwira sipanala zaka 12, ndiye mwana wa dzulodzuloli angamuuze chiyani?

Ana anga, galimoto zasintha. Kale makaniko ankamvetsera kulira kwa injini n'kutsuka kabuleta, basi. Lero galimoto zambiri zochokera ku Japan zimafuna kompyuta kuti vuto lidziwike. Zina, monga Toyota Prius yomwe idayamba kupangidwa mu 1997, ndi Aqua ya mu 2011, zimayendera petulo ndi magetsi omwe. Batire lake lalikulu limaposa mavoti 100, pomwe lomwe tidazolowera ndi la mavoti 12. Mawaya ake adawapanga a olenji dala, pochenjeza. Ukawagwira mwaumbuli utha kupsa, mwinanso mtima kuima.

Ifenso anamwino, ma ARV atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, tidabwerera m'kalasi imvi zili mbuu. Ena ankanyinyirika, koma odwala ankafuna munthu wodziwa.

Inu abambo, alawansi imatha tsiku lomwelo, pomwe luso mumakalamba nalo. Ntchito ikachepa, abwana amasunga wodziwa zatsopano. Inu amayi, musamunyoze, chifukwa nthawi zina kukanako ndi mantha oopa kulephera pamaso pa anyamata. Mulimbikitseni, ndipo konzeranitu limodzi bajeti ya masiku omwe maganyu aime. Safunsa adadya phula.