KODI MABUKU A AKATSWIRI A MAPHUNZIRO AMACHOKERA KUTI?

Anzanga, tikalowa m'laibulale ambiri a ife timathamangira ku mabuku a nthano kapena a mayeso. Koma alipo mabuku ena okhuthala, a zilembo zing'onozing'ono m'munsi mwa tsamba lililonse, amene timangowadutsa ngati sitikuwaona. Awa ndi mabuku olembedwa ndi akatswiri a m'mayunivesite. M'nkhani ino tiona m'mene mabukuwa amabadwira, amene amawalemba, ndi chifukwa chake ife amene tili pa njira ya unsembe tiyenera kuwadziwa.

Buku lotere siliyamba ndi kulemba ai, limayamba ndi funso. Mwachitsanzo, munthu angafune kudziwa chifukwa chimene anthu a dera lina adalandirira Uthenga Wabwino msanga pamene ena adaukana. Pofuna yankho amapita kosungira zikalata zakale, monga ku National Archives ku Zomba, amawerenga mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku amene ansembe ankalemba pa mishoni, ndiponso amakhala pansi ndi agogo kumidzi nawafunsa zimene akukumbukira. Ntchito imeneyi imatha zaka. Mfundo iliyonse imene walemba ayenera kusonyeza kumene waitenga, kuti wina wokayika akathe kupita komweko nakadzionere yekha. Ndiyo ntchito ya tizilembo ta m'munsi tija.

Akamaliza, osindikiza sathamangira kutulutsa bukulo. Amayamba alitumiza kwa akatswiri ena a phunziro lomwelo kuti aliwerenge mofatsa. Iwowa amaloza pamene umboni waperewera, ndipo nthawi zina amalangiza kuti bukulo lisasindikizidwe n'komwe. Mlembi amakonza, akonzi nawonso amasefa. Paja mutu umodzi susenza denga. Kusefa kumeneku ndiko kumasiyanitsa buku la katswiri ndi nkhani za m'maluwa.

Kwa nthawi yaitali mabuku ambiri onena za Malawi ankasindikizidwa kunja. Buku la George Shepperson ndi Thomas Price lonena za John Chilembwe, Independent African, lidatuluka ku Edinburgh mu 1958. Ian Linden adalemba za Akatolika ndi Achewa m'buku lake la 1974. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene adagwira ntchito kuchigwa cha Shire, adafufuza za chipembedzo cha Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, koma buku lawo River of Blood lidasindikizidwa ku America mu 1992. Mabuku otere amasindikizidwa ochepa chifukwa owagula ndi ochepa, choncho mtengo wake umakwera. Mapeto ake, anthu amene adapereka nkhanizo, pamodzi ndi ana awo, sankatha kuwerenga zimene zidalembedwa za iwo eni. Chinanso, m'nthawi ya chipani chimodzi mabuku ena ankaletsedwa, ndipo kufufuza nkhani zina kunali kuika moyo pachiswe.

Zinthu zidayamba kusintha pambuyo pa kalata ya Aepiskopi athu imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, ndi referendamu ya mu 1993. Aphunzitsi a za chipembedzo ku Chancellor College ku Zomba adayambitsa mndandanda wa mabuku wotchedwa Kachere Series. Pakati pao panali Bambo Joseph Chakanza, wansembe wathu wa Chikatolika, Kenneth Ross ndi Klaus Fiedler. Tisasokoneze dzinali ndi Kachebere, seminale yaikulu ya ku Mchinji. Kachere ndi mtengo uja wa mthunzi umene anthu amakhala pansi pake pokambirana za m'mudzi. Cholinga chinali choti zofufuza za ku Malawi zizipezeka ku Malawi konkuno pa mtengo woti mphunzitsi kapena wophunzira angaukwanitse.

Mabuku oyamba adatuluka mu 1995. Limodzi mwa iwo, lokonzedwa ndi Matembo Nzunda ndi Kenneth Ross, lidafotokoza za Mpingo, malamulo ndi kusintha kwa ndale kuyambira 1992 mpaka 1994. Mu 1997 mayi Isabel Apawo Phiri adatulutsa buku lonena za moyo wa amayi a Chichewa mu mpingo wa Chipresibeteriyani. Mu 1999 Bambo Schoffeleers adatulutsa In Search of Truth and Justice, lofotokoza kusamvana kwa Mpingo ndi Boma kuyambira 1960 mpaka 1994. Bambo Chakanza adasonkhanitsa miyambi 2,000 ya Chinyanja m'buku lotchedwa Wisdom of the People. Mu 2001 mudatuluka Chewa Traditional Religion la Bambo van Breugel a chipani cha White Fathers, lofotokoza za Chauta, mizimu, nyau ndi miyambo ina.

Ntchitoyi idafalikiranso kumpoto, kumene kudabadwa Mzuni Press ndi Luviri Press ku Mzuzu. Mu 2020 Ross ndi Fiedler adatulutsa A Malawi Church History 1860-2020, mbiri ya mipingo yonse m'buku limodzi. Makina a masiku ano amathanso kusindikiza buku limodzi lokha pamene munthu waitanitsa, motero buku labwino silisowa msanga ngati kale. Bungwe la African Books Collective la ku Oxford limathandiza kugulitsa mabuku a ku Africa kumaiko akunja. Kale nzeru zathu zinkapita kunja osabwerera. Tsopano zimatha kuyambira kuno.

Nanga zikutikhudza bwanji ife a ku seminale yaing'ono? Taganizani za wansembe amene watumizidwa ku parishi ya kumudzi. Mkhristu wina wabwera kudzafunsa za chinamwali cha mwana wake, wina akuopa ufiti, wina akufuna kudziwa ngati Mpingo uli ndi ufulu wodzudzula olamula. Wansembe wosadziwa miyambo ndi mbiri ya anthu ake amayankha mongoganizira, ndipo yankho lolakwika lingathe kuthamangitsa banja lonse mu Mpingo. Amishoni oyamba a Chikatolika, amene adafika kwa Mponda mu 1889, ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, adakumana ndi mafunso ngati omwewa. Pena adakhoza, pena adaphonya. Zonsezo zidalembedwa kuti ife tisapunthwe pa chitsa chomwecho.

Tisaiwale kuti katswiri nayenso ndi munthu. Buku lake si Baibulo. Akatswiri awiri amatha kuwerenga chikalata chimodzi natulutsa maganizo osiyana. Choncho powerenga tizifunsa kuti: mlembiyu ndani, adalemba liti, umboni wake adautenga kuti, ndipo ndi mau a yani amene sadamveke m'bukumo?

Chingerezi cha m'mabukuwa n'cholimba ndithu, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi mutu umodzi, dikishonale ili pambali, ndipo pamene pavuta funsani aphunzitsi. Tikapita kutchuthi, tiyeni tikhale pansi ndi agogo athu ndi akatekisiti okalamba, tilembe zimene akutiuza za chiyambi cha tchalitchi chathu. Gogo akatisiya, zimene ankadziwa zimapita naye limodzi. Mwina kope limene mudzalembe chaka chino lidzathandiza wina kulemba mbiri ya parishi yanu, ndipo winayo atha kudzakhala inu nomwe.