Queen Latifah, mfumukazi ya rap imene inadzimangira kampani yakeyake

Mu Disembala 2023, bungwe la Kennedy Center la mumzinda wa Washington linapereka ulemu kwa akatswiri asanu a zaluso, ndipo mmodzi mwa iwo anali Queen Latifah. Ku America ulemu umenewu sapatsa munthu wamba, ndipo kufikira chaka chimenecho panalibe mkazi woimba rap amene anali ataulandirapo. Achinyamata ambiri amene amamuona m'mafilimu lero sadziwa n'komwe kuti mayiyu anayambira pa maikolofoni.

Dzina lake lenileni ndi Dana Elaine Owens. Anabadwa pa 18 Malichi 1970 ku Newark, m'chigawo cha New Jersey. Bambo ake anali apolisi, mayi ake, a Rita Owens, anali aphunzitsi. Ali ku sekondale ya Irvington analowa kagulu ka atsikana kotchedwa Ladies Fresh, ndipo ntchito yake inali kuliza ng'oma ndi pakamwa. DJ Mark the 45 King anamujambulira nyimbo yoyeserera, nyimboyo inafika ku kampani ya Tommy Boy Records, ndipo mu 1989, ali ndi zaka 19 zokha, anatulutsa chimbale chake choyamba, All Hail the Queen.

Masiku amenewo rap linali bwalo la amuna. Akazi analipo ndithu, monga Roxanne Shanté, MC Lyte ndi Salt-N-Pepa, koma ankachita kulimbirana malo. Latifah analowa atavala chisoti chaufumu ndi zovala zachiafirika, osadzichepetsa pamaso pa aliyense. Mu kanema wa nyimbo ya "Ladies First", yomwe anaimba ndi Monie Love wa ku London, munali zithunzi za Harriet Tubman, Angela Davis ndi Winnie Mandela, komanso za anthu akuda a ku South Africa akulimbana ndi boma la tsankho. Pamene chimbalecho chinkatuluka, Nelson Mandela anali adakali m'ndende. Mtsikana wa ku New Jersey anali kuuza anzake kuti nkhondo ya kum'mwera kwa Africa kuno ndi yawonso.

Zaka zotsatira zinali zowawa. Chimbale chachiwiri cha 1991 sichinayende malonda, ndipo Tommy Boy inamusiya. Mu 1992 mchimwene wake Lancelot anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto yomwe Latifah yemweyo anamugulira. Kwa zaka zambiri ankavala kiyi wa njingayo m'khosi. Ali pakati pa chisoni chimenecho anajambula Black Reign ndi kampani ya Motown mu 1993. Chimbalechi chinagulidwa makope oposa 500,000, chinthu chimene mkazi woimba rap payekha anali asanachitepo. Nyimbo ya "U.N.I.T.Y." ya m'chimbalemo inadzudzula amuna otukwana akazi, owagwiragwira m'misewu ndi owamenya m'nyumba, ndipo inamupatsa mphoto ya Grammy mu 1995.

Komabe chimene chamusunga zaka zonsezi, m'kuona kwanga, si mawu ake okha. Anazindikira msanga kuti woimba wolembedwa ntchito amatha kutayidwa tsiku lililonse, monga zinamuchitikira ku Tommy Boy. Dzina la Flavor Unit poyamba linali la gulu chabe la anyamata ndi atsikana oimba rap omwe ankasonkhana kwa 45 King. Latifah ndi mnzake wa ku sekondale, Shakim Compere, analisandutsa kampani yoyang'anira oimba, ndipo ena mwa omwe inawakweza ndi gulu la Naughty by Nature. Kenako kampaniyo inalowa m'ntchito yopanga mafilimu ndi mapulogalamu a pa TV.

Kusiyana kwa wochita sewero ndi mwini filimu n'kwakukulu. Wochita sewero amadikira kuitanidwa, amalandira malipiro ake n'kumapita. Mwini filimu ndiye amasankha nkhani, amafunafuna ndalama, amaloza yemwe alembe ndi yemwe atsogolere kujambula, ndipo phindu likabwera amadya nawo. Latifah ankasewera bwino kwambiri. Tinamuona mu Living Single kuyambira 1993 mpaka 1998, mu Set It Off mu 1996, ndi mu Chicago ya 2002, yomwe inamufikitsa pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Oscar. Koma kuyambira pa Bringing Down the House mu 2003, dzina lake linayamba kuoneka kawiri, pakati pa osewera ndiponso pakati pa opanga filimuyo.

Phindu la mpando umenewu linaonekera bwino pa Bessie, filimu ya moyo wa Bessie Smith, katswiri wa nyimbo za blues. Latifah anauzidwa koyamba za gawo la Bessie ali ndi zaka za m'ma 20, koma nkhaniyo inangogona m'maofesi zaka zoposa 20. Inadzatuluka pa HBO mu 2015, Flavor Unit ili pakati pa oipanga, mtsogoleri wake ali mkazi wakuda, Dee Rees. Inapata mphoto ya Emmy monga filimu yabwino koposa ya pa TV. Pambuyo pake Latifah anayambitsa Queen Collective, ndondomeko yopatsa ndalama ndi upangiri akazi ofuna kutsogolera mafilimu awoawo, chifukwa anaona kuti luso lilipo, chosowa ndi wotsegula chitseko.

Kuyambira 2021 mpaka 2025 anasewera mu The Equalizer pa CBS, gawo lomwe kale linali la amuna, Edward Woodward pa TV ndi Denzel Washington m'mafilimu. Pa pulogalamu imeneyinso iye ndi Shakim Compere anali pakati pa akuluakulu oipanga.