Spider-Man wa Dongo ndi Waya: Kodi Ana Athu Akuumba Mafano?

Ambiri a ife amene tinakulira ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 kapena Mgona tinaumbapo ng'ombe za dongo ndi kupinda galimoto za mawaya. Ana a lero akupitiriza luso lomweli, koma ena asintha zoumba. M'malo mwa ng'ombe akupanga Spider-Man, Batman ndi Black Panther, ngwazi zimene amaziona m'mavidiyo sho, pa foni ndi pa malaya a pakaunjika. Makolo ena mu mpingo akuda nkhawa, ndipo amafunsa ngati zidolezi si mafano amene lamulo lachiwiri limaletsa. Tisanayankhe, tiyeni tidziwe kumene zinachokera ndi mmene zimapangidwira.

Ngwazi zimenezi zinabadwira m'mabuku a nthano za zithunzi ku America. Superman anatuluka koyamba mu 1938, wopangidwa ndi Jerry Siegel ndi Joe Shuster. Stan Lee ndi Steve Ditko anabweretsa Spider-Man mu 1962, ndipo Black Panther, mfumu ya dziko longopeka la Wakanda, anaonekera mu 1966. Mu 1964 kampani ya Hasbro inayamba kugulitsa G.I. Joe, chidole cha msilikali chopindika mikono ndi miyendo, ndipo inachitcha "action figure" pofuna kuti anyamata asachione ngati chidole cha atsikana. Kuyambira pamenepo kunabuka anthu okonda ngwazizi amene sakhutira ndi za m'sitolo. Amazula mutu wa chidole china n'kuulumikiza pa thupi la china, amaumba zovala ndi phula lolimba la epoxy, kenako amapenta mwatsopano.

Mwana wa ku Mgona alibe chidole cha m'sitolo choti ayambirepo, choncho amayamba ndi chigoba. Amapinda waya kupanga msana, mikono ndi miyendo, ndipo pa chigongono ndi pa bondo amakolowekanitsa timphete tiwiri kuti chiwalocho chizipindika. Polumikizira amamangapo ndi malegeni odula ku chubu chakutha cha njinga. Mnofu wake ndi dongo la kudambo kapena la pachulu. Apa ndi pamene pali sayansi: dongo likamauma limafota, koma waya safota, n'chifukwa chake chidole chimang'aluka. Odziwa amayamba akulunga wayayo ndi kansanza kapena pepala, n'kuumitsa chidolecho pamthunzi osati padzuwa. Chikauma ena amachiwotcha pa makala a mbaula kuti chilimbe. Chofunda cha kumsana chimachokera ku zidutswa za kwa telala kapena ku jumbo, ndipo utoto ndi penti wotsala, makala kapena fumbi la njerwa.

Luso lotere ladziwitsa kale dziko lathu kunja. Mu 1990 Karen Lynn Williams anasindikiza buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wosakasaka mawaya. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotayidwa ndi zida za njinga, ndipo nkhani yake inasanduka filimu mu 2019. Mwana amene wazindikira chifukwa chimene bondo la chidole likuthyokera wayamba kale kuganiza ngati mmisiri.

Tsono nanga za mafano? Lamulo la pa Eksodo 20 limaletsa kupanga chifanizo n'cholinga chochigwadira ndi kuchitumikira. M'buku lomwelo, pa chaputala 31, Mulungu anapatsa Bezaleli nzeru za zosemasema ndi zosulasula, ndipo pa likasa la chipangano panaikidwa akerubi awiri a golide. Ngakhale njoka ya mkuwa imene Mose anapanga inaphwanyidwa ndi mfumu Hezekiya pamene anthu anayamba kuifukizira lubani. Chimene chimasandutsa chinthu kukhala fano ndi malo amene chatenga mumtima. Mwana woumba Batman sakumupembedza.

Komabe nkhawa ya makolo ili ndi pake. Nthano zambiri za ngwazizi zimathetsa mavuto ndi chibakera, zina zili ndi zamatsenga, ndipo mafilimu ake ena sanapangidwire ana. Palinso ngozi zapafupi: kuwotcha matayala pofuna waya kumatulutsa utsi woipa, kutola m'dzala kumacheka manja, ndipo waya wa magetsi amapha. Kuphwanya chidole sikuchotsa chilichonse mwa zimenezi. Kumangophunzitsa mwana kubisa.

Ellen G. White, m'buku lake la Education la 1903, analimbikitsa kuti maphunziro aziphatikiza mutu, mtima ndi manja, ndipo Apathfinder ali ndi maphunziro a ntchito zamanja. Ife ophunzira tikapita kwathu pa tchuti tingasonkhanitse ana Lamlungu masana ndi pulayala, waya wabwino ndi dongo. Tiwafunse chimene amakondera ngwazi yawo. Ambiri adzati imateteza ofooka, ndipo pamenepo mpamene tingayambire kukamba za Davide, Estere ndi Danieli. Amene wadziwa kupinda bondo la Spider-Man sadzavutika kuumba Davide atanyamula gulaye.