Banki Ikatseka Chitseko: Nkhani ya ku Kafue

(Sitima ikulira chapatali. Mawilo akugunda pa mlatho wachitsulo.)

Mukuimvayo ndi sitima ya katundu, ikuoloka mtsinje wa Kafue pa mlatho umene anaumanga mu 1906. Tili m'tauni ya Kafue, omvera athu, mtunda wa ola limodzi kapena kucheperapo pa galimoto kuchokera mu Lusaka, pa msewu waukulu wolowera ku Chirundu ndi ku Livingstone.

Agogo wa kuno amene anabadwa m'zaka za m'ma 1940 wagwira ndalama za mitundu inayi kapena kuposa, chonsecho sanasamukepo. Ali mwana ankatumidwa ku golosale ndi makobidi a Chitaganya. Ufulu utabwera mu 1964 kunafika paundi ya Zambia. Mu 1968 inalowa kwacha, makwacha awiri kusintha paundi imodzi. Ndipo pa 1 January 2013 anadzuka n'kupeza kuti kwachayo aichotsa maziro atatu, K1,000 yasanduka K1. Munthu wotere mukamuuza kuti ndalama ndi chinthu chokhazikika amangokuyang'anani.

Tiyambire pa ndalama ya Chitaganyayo, chifukwa achinyamata ambiri akamamva andale akulota za ndalama imodzi ya m'chigawo chino amayesa n'zachilendo. Zinakhalapo. Kuyambira 1953 mpaka kumapeto kwa 1963, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland anali pansi pa boma limodzi, la Chitaganya, ndipo mu 1956 anakhazikitsa banki yaikulu imodzi, Bank of Rhodesia and Nyasaland. Mnyamata wa ku Dedza wogwira ntchito pa njanji kuno kapena m'migodi ya ku Kitwe ankatumiza paundi kwa amake, paundiyo n'kukagula mchere ndi nsalu popanda woisintha kapena woidula. Ubwino umenewo tisaukane.

Koma banki yaikuluyo inali ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Boma la Chitaganya linalinso komweko, ndipo msonkho wa mkuwa wa kuno unkalowera komweko. Mtsinje uwu ndi mboni. Boma la Northern Rhodesia linali litakonza kale zomanga malo opangira magetsi pa Kafue Gorge, kumunsi kwa tauni ino. Mu 1955 a ku Salisbury anati ayi, tiyamba ndi Kariba. Damu linamangidwa pa Zambezi, Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa, ndipo makina opangira magetsiwo anawaika tsidya la kummwera. Ian Smith wa ku Southern Rhodesia atalengeza ufulu wake wogalukira mu November 1965, Zambia inapezeka kuti magetsi oyendetsera migodi yake ali m'manja mwa mdani. Malo a pa Kafue Gorge aja anachita kumangidwa pambuyo pake, ndi kampani ya ku Yugoslavia, n'kuyamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Choncho anthu a kuno mgwirizano wa mayiko amaudziwa kukoma kwake, amaudziwanso pamene umaluma: mphika ndi umodzi, koma chipande chili ndi wamkulu.

(Phokoso la makina a fakitale, kenako likuzirala.)

Tauni imene mukuionayi, makamaka nyumba za ku Kafue Estates, ndi mwana wa zaka zoyambirira za ufulu. Boma la Kenneth Kaunda linafuna kuti Zambia izidzipangira zinthu, ndipo ntchitoyo linaipereka kwa bungwe la boma la INDECO. Kuno kunabwera fakitale ya fetereza, Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1970, ndi ya nsalu, Kafue Textiles, imene zitenje zake amayi ambiri akuzikumbukirabe. Anthu anachokera ku Chipata, ku Petauke, ku Mongu, ku Kasama kudzalembedwa ntchito, ndipo Chinyanja chinakhala chimodzi mwa zilankhulo zogwirizanitsa onsewa pamsika.

Mkulu amene ankatsogolera INDECO m'zaka zimenezo anali Andrew Sardanis. Dzina limeneli ligwireni. Anabadwira pa chilumba cha Cyprus mu 1931, anafika m'dziko muno mu 1950, ndipo anali mmodzi mwa azungu ochepa amene anaima ndi omenyera ufulu. Atachoka m'boma anayambitsa makampani akeake, ndipo mwa makampaniwo munatuluka banki ya Meridien. Loto lake linali lalikulu ndithu: banki ya mu Africa yofika m'mayiko ambiri, yosadalira London kapena Paris. Mu 1991 Meridien inatenga nthambi za BIAO, banki yakale ya Afalansa ya kumadzulo kwa Africa, ndipo dzina linakhala Meridien BIAO. Inali ndi mabanki m'mayiko pafupifupi 20.

Chaka chomwecho cha 1991, Frederick Chiluba ndi chipani cha MMD anapambana chisankho, zitseko za chuma zinatsegulidwa zonse nthawi imodzi. Chiwongoladzanja anachimasula. Pofika 1994 malamulo oletsa kutulutsa ndalama zakunja anali atachotsedwa. Mitengo ya zinthu mu 1993 inakwera kuposa kuwirikiza kawiri m'chaka chimodzi. Mabanki atsopano anaphuka ngati bowa wa mvula yoyamba, poti panthawiyo kubwereketsa boma kokha kunali phindu lokwanira, osafunika kutuluka thukuta. Kuno ku Kafue zaka zomwezo zinali za misozi. Salaula, amene ku Malawi amati kaunjika, anadzaza misika pamodzi ndi nsalu zotchipa zakunja, fetereza wakunja analowa, ndipo mafakitale awiri aja anayamba kuchepetsa antchito. Bambo amene wachotsedwa ntchito, akakhala ndi mwayi wolandira ndalama zake, ankamva malangizo amodzimodzi kwa aliyense: musasunge m'nyumba, kaikeni kubanki, chiwongoladzanja chake n'chonona.

Apa ndiime pang'ono ndifotokoze mmene banki imagwera, chifukwa ambirife timaganiza kuti ndalama zathu zimagona m'chipinda chachitsulo kudikira ife. Sizitero. Mukasungitsa K100, banki imasunga pang'ono, zotsalazo imabwereketsa kwa wamalonda, kwa mlimi, kwa boma. Zimayenda bwino chifukwa osungitsa sabwera tsiku limodzi. Amayi a chilimba, chimene ena amati chipereganyu, akudziwa bwino zimenezi: gululo limakhalapo chifukwa aliyense akukhulupirira kuti mnzake aponya mwezi wamawa. Mphekesera ikangomveka kuti msungichuma wadya, aliyense amafuna zake lero lomwe, ndipo ngakhale msungichumayo akhale woyera mtima, sangathe kubweza onse. Banki nayo n'chimodzimodzi, kungoti mzere wake umafika pamsewu.

Mzere wotero unaoneka pa nthambi za Meridien BIAO kumayambiriro kwa 1995. Bank of Zambia inathiramo ndalama zambiri kuti bankiyo ipume, koma zinali ngati kutungira madzi m'dengu. Mu May 1995 inatsekedwa. Inali imodzi mwa mabanki akuluakulu m'dziko muno, ndipo munali ndalama za makampani, za mabungwe ndi za anthu wamba. Chaka chisanathe, African Commercial Bank ndi Commerce Bank nazo zinagwa. Mu 1997 zinatsatira Prudence Bank ndi Credit Africa Bank, ndipo mu 2001 Union Bank. Mabanki akunja ngati Barclays ndi Standard Chartered ndiwo anakolola, poti anthu anathawitsira ndalama zawo kumeneko.

Za amene analakwa pa Meridien anthu anatsutsana kwa zaka, ndipo a Sardanis, amene anamwalira mu 2021, analemba mbali yawo m'mabuku awo. Ife tigwire chimene chili poyera, ndicho kamangidwe ka nyumbayo. Kampani yosunga mabanki a gululi inalembetsedwa ku Luxembourg. Banki ina ya gululi, imene nthambi za mu Africa zinkasungitsako ndalama zawo zakunja, inalembetsedwa ku Bahamas. Oyang'anira mabanki a ku Lusaka ankaona mabuku a ku Lusaka. A ku Dar es Salaam ankaona a ku Dar es Salaam, a ku Mbabane a ku Mbabane. Ndalama zinkaoloka malire pa lamya, pamene woyang'anira mphamvu zake zinkathera pa chipata cha dziko lake. Panalibe mmodzi woona nyumba yonse kuyambira maziko mpaka denga. Itayamba kugwa, dziko lililonse linathamangira kutseka nthambi yake ndi kugwira zimene likanatha kugwira, aliyense payekha.

Chowawa chake n'chakuti mabungwe a mgwirizano analipo kale, ndipo anabadwira pompano. SADCC, kholo la SADC, inakhazikitsidwa mu Lusaka pa 1 April 1980. Pangano la PTA linasainidwa mu Lusaka mu 1981, ndipo mu December 1994, ku Lilongwe, PTA inasanduka COMESA, likulu lake mu Lusaka momwemo. Werengani miyezi: December mpaka May, isanu yokha. Koma mabungwewa ntchito yawo inali ya msonkho wa pamalire ndi kayendedwe ka katundu. Analibe thumba lopulumutsira banki, analibe woyang'anira mabanki wa onse. Ngongole ya Meridien inagwera Bank of Zambia ndi boma, ndiye kuti inagwera wokhoma msonkho, kuphatikizapo bambo uja wa ku Kafue Estates amene ntchito inali itamuthera kale.

(Nyimbo ya kalimba pang'ono.)

Kodi ndalama imodzi ndi banki yaikulu imodzi zikanatiombola? Tiyang'ane zilumba ziwiri za ku Ulaya.

Iceland ndi dziko la anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi a mu Lusaka, ndipo lili ndi ndalama yakeyake, krona. Mu October 2008 mabanki ake atatu akuluakulu, Kaupthing, Landsbanki ndi Glitnir, anagwa m'sabata imodzi. Anali atakula kuposa chuma cha dziko lonselo pafupifupi kakhumi, motero boma silikanatha kuwasenza. Linawasiya agwe, linateteza osungitsa a m'dzikomo, linaletsa kutulutsa ndalama kunja, ndipo krona inagwa kwambiri. Anthu anasauka mwadzidzidzi, koma nsomba zawo ndi zokopa alendo zinatchipa kwa akunja, chuma n'kuyambanso kudzuka.

Chilumba chachiwiri ndi chija anabadwirako a Sardanis. Cyprus ili mu European Union ndipo imagwiritsa ntchito yuro. Mu March 2013 mabanki ake anatsekedwa pafupifupi masabata awiri. Anzawo a mumgwirizano pamodzi ndi IMF anabwera ndi ngongole ya mayuro 10 biliyoni, koma anabwera ndi mawu. Laiki Bank inathetsedwa. Amene anali ndi ndalama zoposa mayuro 100,000 mu Bank of Cyprus anaona pafupifupi theka la zapamwambazo likusanduka masheya. Mabanki atatsegulidwa, munthu ankaloledwa kutapa mayuro 300 okha patsiku. Osungitsa ang'onoang'ono anapulumuka, ndipo chimenecho si chaching'ono. Komabe zigamulo zinamangidwa ku Brussels ndi ku Frankfurt, usiku, a ku Cyprus atakhala kumapeto kwa tebulo. Walira mvula walira matope. Mkulu wa ku Kafue amene akukumbukira za Kariba sangadabwe nazo.

Chimene Azungu anaphunzira ndi chija Meridien inatiphunzitsa ife kale. Kuyambira November 2014, mabanki akuluakulu a m'mayiko a yuro amayang'aniridwa ndi diso limodzi, la European Central Bank. Kwathu kuno SADC inalonjeza mgwirizano wa zandalama pofika 2016 ndi ndalama imodzi pofika 2018. Zaka ziwirizo zinafika n'kudutsa mwakachetechete. Chimene chinatheka ndi njira yolipirana pakati pa mabanki a m'chigawo, imene inayamba mu July 2013 ndi ndalama ya randi. Lesotho, Eswatini ndi Namibia ndalama zawo zinamangiriridwa kale ku randi, moti chiwongoladzanja chikasintha ku Pretoria nawonso amatsatira. Ineyo ndimaona kuti ndalama imodzi ingadikire. Chofulumira n'chakuti oyang'anira mabanki a ku Lusaka, ku Lilongwe ndi ku Harare azionetsana mabuku a banki imene ili ndi nthambi kwa onsewo, ndipo agwirizane kukadali bata kuti ikagwa adzalipira ndani. Finance Bank inatseka ku Malawi mu 2006, ndipo ya ku Zambia inalandidwa ndi Bank of Zambia mu December 2010. Malire a pa Mwami, pakati pa mayiko awiriwa, sanatchinge kalikonse.

Mabanki sanaleke kugwa. Intermarket inalandidwa mu November 2016, ndipo pa phulusa lake panamera Zambia Industrial Commercial Bank, ZICB. Mu April 2024 Bank of Zambia inalanda Investrust, ndipo osungitsa ake anawasamutsira ku ZICB yomweyo. Kusiyana kwake ndi 1995 kulipo: banki yaikulu tsopano imalowerera ndi dongosolo, ndipo moto sufalikira m'mudzi monse. Koma wozimitsayo akadali yekha, ndi ndowa yake.

(Phokoso la pamsika. Ma minibasi akuitanira a ku Lusaka.)

Tabwerera pa msewu waukulu. M'mbali mwake mwandandalika timisasa ta Airtel Money ndi MTN, tofiira ndi tachikasu. Mayi wogulitsa nsomba wamasula mfundo ya chitenje chake, wapereka ndalama za lero kwa mtsikana wa m'kamsasa, ndipo foni yake yalira kutsimikiza kuti zalowa. Amayi ambiri otere kubanki sapondako. Ena makolo awo anapsa nazo m'zaka zija, ndipo amati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Malamulo a Bank of Zambia amafuna kuti kwacha iliyonse yooneka pa foniyo ikhale ndi inzake yeniyeni yosungidwa padera, mu akaunti ya ku banki ya malonda. Ndalama ya nsomba ija, isanathe sabata, ikhala italowa pa chitseko chomwe chija mwiniwake amachilambalala.

Mayiyo wamanganso chitenje chake, wanyamula beseni, akutsikira kumtsinje kukadikira mabwato a madzulo.