Asidi, Utomoni wa ku Vizara ndi Mchere Wosathira M'ndiwo

Amene anayendapo pa msewu wa M5 kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Chintheche amaidziwa mitengo ya labala ya ku Vizara, iliyonse ndi kachikho kake kolandirira utomoni woyera ngati mkaka. Utomoniwu ndi wosachedwa kuwonongeka. Ukangokhala maola angapo, mabakiteriya amapangamo asidi ndipo umaundana wokha usanafike ku fakitale.

Okonza labala akafuna kuti utomoni ukhalebe wamadzimadzi amathiramo ammonia. Ameneyu ali m'gulu la mankhwala olimbana ndi asidi, omwe m'kalasi timawatcha base. Asidi ndi base akakumana amathetsana mphamvu, ndipo chotsalapo ndi mchere, kawirikawiri pamodzi ndi madzi. Nthawi yoti labala aundane ikakwana, amathira dala asidi, makamaka formic acid, yemwe dzina lake linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza nyerere. Asidiyu amayamba wathana ndi ammonia uja n'kupanga mchere wotchedwa ammonium formate. Wotsalayo amatsitsa pH kufika cha pa 5, ndipo tizidutswa ta labala tomwe timakankhana m'madzimo timamatirirana n'kukhala chibuma.

Apa mpomwe ambiri amasokonezeka pa mayeso. Kwa katswiri wa sayansi, mchere si wothira m'ndiwo wokha. Wa m'ndiwowo, sodium chloride, ndi umodzi chabe mwa michere yambirimbiri. Feteleza wa ammonium sulphate nayenso ndi mchere, wopangidwa kuchokera ku ammonia ndi sulphuric acid, asidi yemwe ali m'batire la galimoto.

Asidi akakumana ndi chitsulo, mchere umapangikabe, koma m'malo mwa madzi mumatuluka mpweya wa hydrogen. Izi zikutikhudza kukhitchini. Ndowa za malata zimakutidwa ndi zinc kuti zisachite dzimbiri. Thobwa losasa lili ndi lactic acid, ndipo likagona m'ndowa yotere asidiyu amadya zinc uja pang'onopang'ono. Mchere wa zinc umasungunukira m'thobwa momwemo osaoneka, ndipo ukachuluka anthu amasanza ndi kutsekula m'mimba. Madzi a mandimu ndi a bwemba amachitanso chimodzimodzi. Pokonzekera ukwati kapena msonkhano wa misasa, zakumwa zowawasa zisungidwe m'mtsuko wadothi, m'chigubu chapulasitiki chosungira zakudya kapena m'poto wa stainless steel.